Kaleredwe ka Mwana Wosasuntha

Mwana wosasuntha ndi uja amene amapezeka madzulo pamalo pomwe anasiyidwa m'mawa. Kuti apangike pamafunika zinthu zitatu: foni, mpando ndi paketi ya tchipisi. Kwa Amalawi ogwira ntchito ku Isando, dera la mafakitale loyandikana ndi bwalo la ndege la OR Tambo ku Ekurhuleni, chachitatucho sichivuta, pakuti fakitale ya tchipisi ya Simba ili komweko, ndipo katundu wake amadikirira kholo pa kagolosale ka spaza likamatsika takisi ku Tembisa.

Ntchito imayambira pa foni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ola limenelo liwerengedwe monga awerengera kondakitala wa minibasi akati "tikunyamuka pompano". Makatuni a pa YouTube amathandiza kwambiri: ena akatha ena amayamba okha, ndipo safunsa malipiro mwezi ukatha ngati wolera ana.

Mdani wamkulu ndi miyendo. Malangizo omwewo amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azitakataka mphindi 180 patsiku, koma chipako ndi fulaye zimangong'amba zovala. Mwayi wake, kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni kalibe bwalo, mumsewu muli matakisi, kholo lili pa shifiti. Malowo agwira kale theka la ntchito.

Luso lenileni lili pa kadyedwe. Mwana adye maso ali pa foni. Mutu ukatanganidwa ndi makatuni sumva mimba ikamati yakhuta, dzanja limangolowa m'paketi mpaka kukanda pansi. Pakati pa makatuniwo pamadutsa zotsatsa malonda, ndipo poti bonongwe ndi nkhwani wotendera sizitsatsidwa ndi nyimbo, mwana amazindikira yekha kuti masamba ndi chilango. Ludzu lobwera ndi mchere lithetsedwe ndi zakumwa za shuga. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotere mu April 2018. Kholo liuone msonkhowo ngati chopereka chake pa chitukuko cha dziko la eni. Usiku foni ipite nawo pogona. Kuwala kwake kumachedwetsa tulo, mwana wosagona mokwanira amadzuka ali lefu, akulirira zotsekemera, wopanda mphamvu zothamangira. Zikafika apa, njirayi imadziyendetsa yokha.

Zipatso zake zimayezeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la South Africa wa mu 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5, 13 anali onenepa mopyola muyezo ndipo 27 anali opinimbira. Zakudya zokhutitsa koma zosamanga thupi zingathe kukwaniritsa ziwiri zonsezi mwa mwana mmodzi, komwe ndi kusunga ndalama. Masaya akatupa, chithunzi chitumizidwe pa WhatsApp kwa agogo ku Mangochi, mudzi wonse udziwe kuti ku Joni zikuyenda. Anamwino a kusikelo akakwinya nkhope polemba m'kabuku ka Road to Health, aonedwe ngati ansanje. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amene iwo amatchula amafika mwana atakula, ndiye adzaona yekha. Mano okha ndiwo safuna kudikira.

Ngozi yotsala ndi magetsi. A Eskom akazimitsa, batire n'kutha, mwana amaimirira, kusuzumira panja, kupeza anzake, ndipo pakangotha ola amabwera ali fumbi lokhalokha, ndi njala yodya nsima ya masamba popanda kunyengereredwa. Ntchito ya miyezi ingapo imaonongeka madzulo amodzi. Pawabanki yodzaza izikhala pafupi ndi mpando nthawi zonse.