Zomwe Akukamba ku Urasa Chisanu Chikamatha

Ku Urasa, m'chigwa cha mtsinje wa Uono m'chigawo cha Niigata ku Japan, Febuluwale akamatha munthu safuna wailesi kuti adziwe za m'tauni. Ungopita madzulo kosambira madzi otentha a pakasupe, n'kukhala m'madzi ofika m'khosi, n'kutchera khutu. Aliyense wolowa amafunsidwa funso lomwelo: bambo, mwakwera kangati padenga chaka chino?

Funsoli lili ndi mwini wake, ndiye chipale chofewa. Mphepo yozizira yochokera ku Siberia imawoloka Nyanja ya Japan, yomwe madzi ake ndi ofundirako, n'kumatola chinyezi m'njira. Ikagunda mapiri aatali a pakati pa chilumba cha Honshu imatula katundu yense kuno. Kuseri kwa mapiri omwewo, ku Tokyo, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa sitima yothamanga, dzuwa limakhala likuwala ndipo amayi akuyanika zovala panja. Kuno chipale chimafika mamita awiri popanda wodabwa, ndipo ndi chonyowa, cholemera ngati matumba a simenti. Anthu amati zitseko za m'nyumba zikayamba kukana kutseguka, denga lalemedwa, tenga makwerero ndi fosholo.

Ndiye m'madzi otenthawo mumakhala mpikisano. Mkulu wina akuti wakwera kanayi, ndipo akuwerengera ndi zala kuti onse aone. Mnzake akuti iye sakweranso, poti anamanga denga lotsetsereka loti chipale chizigwa chokha. Wachitatu sanachedwe kumukumbutsa kuti chimagwadi chokha, koma chimagwera pakhomo pa mnansi wake, amene tsiku lililonse amadzuka mbandakucha kukafosholera chipale cha eni. Onse anaseka mpaka madzi kugavira. Kenako kunangoti zii, chifukwa wina anatchula agogo okhala okha kumtunda kwa mudzi, amene ana awo onse ali ku Tokyo. Chaka chilichonse m'zigawo za chipale anthu amafa pogwa padenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, ndipo ndinakondwa kumva amuna atatuwo akupangana tsiku lokawathandiza agogowo asanatuluke m'madzi.

Alosi nawonso sasowa. Pasitolo ya ndiwo zamasamba pali mayi amene amalumbira kuti anunkhadala akachuluka m'nyumba nthawi ya masika, chipale chidzakhala chambiri. Amuna awo amakhulupirira chiswambiya: akuti chikaikira mazira pamwamba pa nthambi, chikudziwa kuti chipale chidzafika patali. Chaka chimene zizindikiro ziwirizi zatsutsana, banjali limakangana mpaka Malichi, ndipo ogula amabwera kudzamvera mkanganowo kwinaku akusankha manachesi. Nditawauza kuti kwathu ena amakazinga anunkhadala n'kudyera nsima, mayiwo anaika sikelo pansi n'kuitana anzawo a sitolo yoyandikana kuti adzamve okha.

Oyenda pansi ali ndi dandaulo lawolawo. Pakati pa misewu pano pamadutsa mapaipi otulutsa madzi a pansi panthaka, omwe ndi ofundirako kuposa mpweya, kuti asungunule chipale. Nzeru imeneyi inayambira ku Nagaoka, mzinda wa m'chigawo chomwechi. Oyendetsa galimoto amaiyamikira, koma wapansi wopanda magambuti amafika kuntchito masokosi atanyowa, ndipo nkhani ya amene wathiridwa madzi ndi basi m'mawa imazungulira tauni isanakwane nthawi ya nkhomaliro. A ku Muikamachi, tauni yoyandikana ndi Urasa, amawonjezerapo kuti kupopa madzi kwambiri kunachititsa nthaka ya kwawo kutsika pang'onopang'ono, mpaka boma la mzinda linaika malamulo pa zitsime. Ndipo palibe dalaivala amene waiwala Disembala wa 2020, pamene magalimoto pafupifupi 2,100 anatsekeredwa ndi chipale pamsewu waukulu wa Kan-etsu, ena kwa masiku awiri. Aliyense ali ndi msuweni kapena mlamu amene anagona m'galimoto usiku umenewo.

Koma macheza onse, ayambire padenga kapena pamsewu, amakathera ku mpunga. Dera lino la Uonuma limalima Koshihikari, mpunga umene anthu a ku Japan amautchula ndi ulemu wofanana ndi umene ife timapereka kwa Kilombero wa ku Karonga. Chipale chomwe akuchitukwanacho chikasungunuka pa phiri la Hakkai, lotalika mamita 1,778, ndi pa mapiri anzake, ndicho chimadzaza minda mu Meyi nthawi yowokera. Choncho mlimi yemweyo amene m'mawa amadandaula msana, madzulo umamumva akuda nkhawa kuti chipale cha kumapiri chachepa ndipo madzi adzasowa m'chilimwe. Kumapeto kwa Febuluwale kumatulukanso zotsatira za akatswiri olawa mpunga wa dziko lonse, ndipo tauni imazidikira ngati zotsatira za mayeso a mwana. Mu 2018 analengeza kuti mpunga wa Uonuma watsika pagulu lapamwamba utakhalapo zaka 28 motsatizana. Unabwererapo chaka chotsatira, koma mpaka lero akuluakulu amatsitsa mawu akamakamba za chaka chimenecho, ngati akunena za maliro.

Kutentha ndiko kwalowa m'nkhani masiku ano. Chilimwe cha 2023 chinawotcha kwambiri moti njere zambiri zinatuluka zotuwa ngati choko, ndipo mpunga wochepa zedi wa Koshihikari wa ku Niigata ndi umene unalowa giredi yoyamba. Achinyamata ena akuti nthawi yakwana yobzala mitundu yopirira kutentha. Madoda akuti dzina la dera lili pa Koshihikari, ndipo munthu sataya dzina la makolo chifukwa cha chilimwe chimodzi. Ine ndikuona kuti achinyamatawo ali ndi mfundo, pakuti zilimwe zotentha zikubwera motsatizana. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pokhapokha wina akatchula Taku Eto, nduna ya zaulimi imene inatula pansi udindo mu Meyi 2025 itanena pagulu kuti sinagulepo mpunga chifukwa otsatira ake amaipatsa wambiri, pa nthawi imene thumba la makilogalamu asanu linali litadutsa mayeni 4,000. Dzina limeneli likangomveka, ngakhale okangana amaseka limodzi.

Chipale chomwechi chili ndi ntchito inanso. Ku Shiozawa, kumtunda kwa chigwa, amayi akuyang'ana kumwamba kudikira tsiku la dzuwa loti akayale nsalu za Echigo-jofu pa chipale kuti ziyere. UNESCO inazindikira luso limeneli mu 2009, ndipo alendo okhala ndi makamera amachuluka kuposa oyala nsaluwo.

Sabata ino pakamwa pa aliyense pali chikondwerero cha kukachisi wa Bishamondo, cha kumayambiriro kwa Malichi, pamene amuna ovula malaya amakankhana usiku m'kachisi pakati pa makandulo aakulu ofika m'chiuno, chipale chili mbuu panja. Akukambirana kuti mnyamata wa kwa yani alowa nawo koyamba, ndi mkamwini wa kwa yani amene wayamba kale kunamizira chimfine. Agogo ena aakazi sakulowa nawo m'nkhani imeneyi. Iwo akuti aona kale mphukira za fukinoto, ndiwo ya kutchire, zikusuzumira m'mphepete mwa munda pamene chipale chayamba kusungunuka, zowawa bwino zokazinga ndi miso, chiponde cha soya, ndipo akana kwamtuwagalu kuulula malo ake ngakhale kwa apongozi awo.