Khoti la Nyimbo pa Boma la Chitipa

Pa Boma la Chitipa nyimbo zovina sazigula potchula woyimba, amazigula potengera kuchuluka. Munthu amafika pa kashopu ka mnyamata wa laputopu, n'kupereka memole khadi. "Achimwene, ndibenereni zovina. Mudzadzitse." Mnyamatayo ndiye kampani yonse: amasankha yekha, kusanja yekha, n'kutsatsa yekha pa sipika yoima pakhomo. Chimbale chake chilibe chikuto, chili ndi mafoda anayi: Za ku Taifa, Za ku Joni, Zauzimu, ndi ina yongolembedwa kuti Zina.

Oweruza amakhala pabenchi la wometa tsitsi wa khomo loyandikana. Sanawaitane aliyense, ndipo sagulapo kanthu.

Woyamba ndi wa kabaza. Iye samvera nyimbo ndi makutu koma ndi maso. Amapiano ikayamba amayang'anitsitsa galasi lometera. Likanjenjemera ndi kugunda kwa besi, nyimboyo yakhoza. Likangoti zii, "Bwana, iyi ndi ya pamaliro, chotsani."

Wachiwiri ndi mkulu amene anabwerako ku Johannesburg. Kwa iyeyu nyimbo iliyonse ndi yakale. "Izi ife tinavina kalekale, mwangozimva lero?" Amatchula Kabza De Small ndi DJ Maphorisa mokhala ngati ankadyera nawo limodzi. Mukamufunsa amene wapanga imene ikulirayo, amasuzumira pa laputopu n'kuyankha molimba mtima kuti ndi Track 07.

Mlandu waukulu umabuka ikalowa singeli, ija yobadwira m'makwalala a Dar es Salaam, imene imawoloka malire pamodzi ndi zitenje za amalonda ochokera ku Tunduma. Liwiro lake limapitirira kugunda 200 pa mphindi imodzi. Mu 2017 kampani yoima payokha ya ku Kampala, Nyege Nyege Tapes, inasonkhanitsa nyimbo zoterezi za ku situdiyo ya Sisso m'chimbale chotchedwa Sounds of Sisso, ndipo olemba za nyimbo ku Ulaya anachiyamikira m'masamba ataliatali. Pabenchi pano ndemanga imakhala yachidule. Mayi wogulitsa nthochi za ku Misuku amangofunsa kuti, "Mwanangu, woyimbayo akumuthamangitsa ndani?" Wa kabaza amalangiza kuti laputopu aisambitse, yalowa vairasi.

Apa ndiye amaimirira woweruza wachitatu, mkulu wa mpingo. Amapukusa mutu, amadandaula za ana a masiku ano, amakumbutsa kuti kale kuvina kunali ndi ulemu. Pakamwa pakudzudzula, phazi lakumanja likuponda fumbi motsatira ng'oma. Akatha ulaliki amapereka foni yake mokweza mawu: "Ndiikire Zauzimu zokhazokha." Kenako amawerama n'kunong'ona, "Malo akatsala, uponyemonso yothamangayo. Ndikufuna ndikaifufuze bwino."

Khotili limaopa munthu mmodzi yekha: mlendo wa tayi wonyamula fayilo. Wina akangoti "a COSOMA", bungwe lija lakhala likuyang'anira umwini wa nyimbo kuyambira 1992, sipika imakhala chete, laputopu imalowa pansi pa tebulo, ndipo oweruza onse amasanduka odikira kumetedwa, ngakhale wadazi yemwe. Mlendoyo akafunsa pokwerera minibasi za ku Karonga, mpweya umabwerera, mlandu n'kupitirira. Za amene anakhala usiku wonse pa kompyuta kupanga nyimboyo, ngati anapatapo kangachepe, palibe amafunsa.

Chigamulo chenicheni chimaperekedwa Loweruka kuukwati. Nyimbo ija anaikana onse ikangolira, wa kabaza amaiwala kasitomala, wa ku Joni amavula jekete, mkulu wa mpingo amaponya ndalama pa perekaniperekani kuti aibwereze. Lolemba m'mawa onse amakhala atafika pabenchi, miyendo ikuphwanya, kudzagwirizana chimodzi: DJ uja sadziwa kusankha nyimbo.