Bwalo la Pakhonde la Aphunzitsi

M'tauni ya Zomba, monganso m'matauni ena onse mmene muli amuna omanga mataye, muli mwambo umodzi umene makolo sadatisiyire koma tidaupeza ndi nzeru zathu, ndiwo wakuti munthu wolemekezeka sayenera kudzichepetsa kufikira kuwerenga buku asanaliweruze, pakuti kuwerenga ndi thangata ya ana oopa mayeso, pamene kuweruza ndi udindo wa akulu amene adathana nawo mayeso kalekale. Mwambowu umasungidwa koposa pa mabuku a ndakatulo, amene munthu angathe kuwanyamula m'dzanja, kuwayesa kulemera kwake, kununkhiza pepala, nanena mosaphethira kuti mlembiyo luso ali nalo koma akusowa womulangiza.

Bwalo la oweruza otere limakhala Lamulungu masana, anthu ataweruka ku tchalitchi, pakhonde la mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, pamene amasonkhana mwini nyumbayo, mkulu wa mpingo, kalaliki wa kuboma amene salekana ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ngakhale pa Sabata, ndi mayi wa Mvano amene sabwerera mabuku ayi, koma sachoka asanaponyepo liwu. Tsiku limene ndikunenali, mlandu udali wa buku lotchedwa The Poet X, lolembedwa ndi Elizabeth Acevedo, limene mdzukulu wa aphunzitsi, mtsikana wa Folomu 3, adamutumizira azakhali ake a ku London, ndipo lidagwidwa pansi pa pilo usiku, nyali ikutha mafuta.

Adayamba ndi akalaliki, atapukusa masamba ndi chala chonyowetsa ndi malovu. "Bambo aphunzitsi," adatero, "ine za ndakatulo ndilibe nazo gawo, koma mtengo wa pepala ndiye ndimaudziwa. Taonani, masamba oposa 300, koma mawu onse aunjikana kumanzere, kumanja kuli mbee! Kuofesi kwathu wolemba motere tikadamupatsa kalata yomuchenjeza." Natulutsa cholembera chimodzi mwa zitatu zija, adawerengera kuseri kwa envulopu kuti mizereyo ikadalumikizidwa monga alembera anthu oopa Mulungu, buku likadachepa ndi theka, kotero kuti azakhali a mwanayo adaberedwa theka la ndalama zawo dzuwa likuswa mtengo.

Aphunzitsi, amene sakondwa kuti wina ayambe kulankhula pakhonde lawo, adatsokomola pang'ono, nati vuto silili pa pepala koma pa mtundu wa chinthucho. Pakuti m'masiku awo, pamene ana ankaloweza Ntchito ya Pakamwa ya E.J. Chadza naimirira kutsogolo kwa kalasi manja ali kumbuyo, ndakatulo inkadziwika kuti ndi ndakatulo ndipo nthano inkadziwika kuti ndi nthano, koma ichi chimene akuti ndi nkhani yaitali yolembedwa m'ndakatulo chili ngati mleme, umene mbalame zimaukana ndi mbewa zomwe zimaukana. Onse adavomera ndi mitu. Padalibe wolimba mtima wowakumbutsa kuti Song of Lawino ya Okot p'Bitek wa ku Uganda, imene idatuluka mu 1966 ndipo aphunzitsi omwewo amaitamanda Lamulungu lililonse, nayonso imasimba nkhani yathunthu ya mkazi wodandaula mwamuna wake Ocol amene watengeka ndi Clementine wodzola milomo, ndipo mizere yake ndi yaifupi yosiya pepala lili mbee momwemo; koma ya p'Bitek idakalamba, ndipo buku likakalamba limakhululukidwa machimo onse a ubwana wake.

Apa nkhani idapatuka, monga ichitira nthawi zonse, kulowera kwa Jack Mapanje. Buku lake la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo mu 1985, ndipo mwini wake adatsekeredwa ku Mikuyu, pafupi pompano, kuyambira 1987 kufikira 1991 osazengedwa mlandu. Ndipo lero mulibe mwamuna wa imvi m'Zomba muno amene sadalibise pansi pa matiresi m'masiku oopsawo, kotero kuti tikawaphatikiza onse, osindikiza a Heinemann adayenera kulemera ndi tauni ino yokha. Mkulu wa mpingo adasimba mmene ankaliwerengera ndi kandulo zitseko zitatsekedwa, koma pamene akalaliki, mosafuna kulakwa, adafunsa ndakatulo imene idawakhudza mtima koposa, mkuluyo adayang'ana kuphiri kwa nthawi, nayankha kuti ija ya nanzikambe, ndi kuti zinthu zina nzosayenera kuzikumbutsa.

Mayi wa Mvano, amene nthawi yonseyi adali kupenyetsetsa chithunzi cha mtsikana wa tsitsi losapesa pachikuto, adati iwo sangaweruze munthu asanamve mbali yake, ndipo mwini buku adaitanidwa kuchokera kukhitchini. Adagwada patali pang'ono, maso ali pansi, nafotokoza kuti nkhani ndi ya Xiomara, mtsikana wa zaka 15 wa ku Harlem mumzinda wa New York, mwana wa makolo ochokera ku Dominican Republic, amene mayi wake, Mkatolika wosaphonya Misa, akumukakamiza maphunziro a Ulimbitso, pamene iye mtima wake uli pa ndakatulo zimene amalemba m'kope mobisa, ndiponso pa mnyamata wa m'kalasi mwake dzina lake Aman.

"Ndiye mayi wakeyo adangokhala chete?" adafunsa amvano.

"Iyayi mayi, atalipeza kopelo adalitentha."

"Ameneyo ndiye mayi!" adafuula amvano, naomba m'manja kamodzi, nalengeza kuti buku ili nlothandiza mabanja ndipo liyenera kuwerengedwa ku Mvano Lachinayi. Mtsikanayo adayesa kunena kuti mlembi sadalembe pofuna kuyamikira motowo, koma agogo ake adamukumbutsa kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndi kuti iye waitanidwa ngati mboni, osati ngati woweruza. Mkulu wa mpingo, atamva kuti chisokonezo chonsecho chidachitika kwa Aroma, nkhope yake idawala, nati iye adaona kale kuti m'bukumo mulibe chokhudza mpingo wawo.

Chidagwetsa bwalo lonse ndi kachizindikiro kozungulira ka pachikuto, kamene akalaliki ankayesa mtengo wa m'sitolo. Mtsikanayo adati ndi ka mphotho, popeza bukulo lidapambana National Book Award ku America mu 2018, ndiponso Carnegie Medal ku Britain mu 2019. Za ku America aphunzitsi sadazisamale, koma dzina la Britain litamveka adavala magalasi, natenga buku m'manja mwa akalaliki ndi ulemu wonse, nati indetu iwo chiyambire adaona kuti malo oyerawo sadasiyidwe mwangozi, koma kuti wowerenga apumirepo ndi kusinkhasinkha, chinthu chimene anthu a m'maofesi sangachimvetse. Akalaliki adabweza envulopu yawo m'thumba mwakachetechete.

Tsono padabuka mkangano wa yemwe ayambe kubwereka, ndipo popeza aliyense pakhondepo ankadziwa kuti buku lobwerekedwa m'tauni muno silibwerera kwawo, aphunzitsi adagamula kuti likhale m'kabati yawo ya magalasi, pamodzi ndi mbale za alendo, kiyi ali m'thumba mwawo. Mdzukuluyo adauzidwa kuti abwere ndi tiyi, ndi kuti pofika Lachitatu akhale atalemba mwachidule nkhani yonse pa tsamba limodzi, ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa agogo ake apemphedwa kukalankhula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi za kufa kwa chizolowezi chowerenga pakati pa achinyamata.