Ndalama zilipo, koma komiti yakana

Ku Manhattan, mu mzinda wa New York, kuli nyumba zina zoti munthu ukhoza kufika ndi ndalama zodzaza ngolo koma n'kubwezedwa pachipata ngati wogulitsa makala. Eni ake amazitcha ma co-op. Ndi nyumba zosanja za m'misewu ya mpondamatiki monga Park Avenue ndi Fifth Avenue, ndipo wogula sagula chipinda ayi. Amagula masheya m'kampani imene ndi mwini nyumba yonseyo, kenako kampaniyo imamuloleza kukhala m'zipinda zakutizakuti, iye n'kumasonkha mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti bambo wataya mamiliyoni a madola kuti akhale wa lendi m'nyumba yake yomwe. Munthu wanzeru zake angachitirenji zimenezi? Ine ndikuti chimene chimagulidwa kumeneko si makoma, si mawindo oyang'ana ku Central Park. Chimagulidwa ndi mpando wokanira mnzako.

Taonani mmene amalowera. Anthu a m'nyumbamo amasankha komiti, ndipo wofuna kugula amaipatsa mtolo wa mapepala wonenepa ngati Baibulo la paguwa: zikalata za msonkho, malipoti a kubanki, makalata a anzake omuchitira umboni kuti ndi munthu waulemu, sasokosa, salira mokweza. Nyumba zina sizilola n'komwe kugula ndi ngongole ya kubanki. Ndalama zonse patebulo, komanso usonyeze kuti zina zambiri zatsala. Zikatero amaitanidwa kukaonekera. Mkulu amene ku ofesi kwake anthu amanjenjemera akangotsokomola amakhala pamphepete pa sofa, mawondo pamodzi, manja pamiyendo ngati mkamwini tsiku la chinkhoswe, akuyankha mafunso a agogo ena amene anabadwira m'chuma. Mkazi wake wavula mphete yonyezimira kwambiri ija kuti asaoneke wodzionetsera, koma wasiya yaing'ono kuti asaoneke wosauka. Ngati ali ndi galu, pena nayenso amaitanidwa, atasambitsidwa ndi kupesedwa, kuti komiti imve ngati amauwa. Pamapeto pake komiti ikhoza kungoti ayi, osanena chifukwa, ndipo kukhala chete kumeneko lamulo limalola.

Amene anabwezedwa si anthu wamba. Mu 1979, Richard Nixon, amene anali pulezidenti wa America mpaka 1974, anafuna malo m'nyumba ina pa East 72nd Street, koma okhalamo anawiringula mpaka mkuluyo anabwerera m'mbuyo. Mu 1985 nyumba ya San Remo inakana Madonna, panthawi imene nyimbo zake zinkalira pawailesi iliyonse. Nyumba ya Dakota inakana woimba Billy Joel. Gloria Vanderbilt, wa banja limene dzina lake lokha ku New York limanunkhira ndalama, anakanidwa ku nyumba ya River House mu 1980, nakasuma kukhoti, kenako n'kuusiya mlanduwo. Palibe mmodzi mwa amenewa amene akanalephera kulipirira magetsi a m'khonde.

Oikira kumbuyo makomitiwa ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Amati m'nyumba yotere ngongole ndi ya onse: msonkho, malipiro a alonda, kukonza denga, zonse zimachokera m'thumba limodzi, choncho mmodzi akalephera kulipira otsalawo ndi amene amasenza. Amatinso munthu wotchuka amabwera ndi atolankhani ndi amisala omwe, ndipo apa amaloza pachipata cha Dakota pamene woimba John Lennon anawomberedwa mu 1980. Zimenezo n'zomveka. Koma za ngongolezo wowerengera ndalama akhoza kuzimaliza masana amodzi osaona nkhope ya munthu, osafunsa sukulu imene anapita, osayang'ana nsapato zake. Nanga ngati chifukwa chili chabwino chonchi, bwanji osachitchula? Lamulo la America la 1968 limaletsa kusala wogula nyumba chifukwa cha khungu kapena chipembedzo, ndipo n'zodziwika kuti kale nyumba zambiri zoterezi zinkatsekera Ayuda ndi anthu akuda. Komiti yosanena chifukwa ndi yovuta kuigwira pakamwa. Mbuzi yadyedwa, koma aliyense milomo yapukutidwa.

Wina anganene kuti akalowa ndiye wapuma. Kupuma kwake kuti? Walira mvula walira matope. M'nyumba zambiri muli lamulo loti magawo 80 pa 100 alionse a pansi akhale ndi kapeti, kuopa kuti wapansi angamve mapazi ako. Kugwetsa khoma kapena kusintha bafa kumafuna chilolezo, ndipo kwina ntchito yotere amailola m'chilimwe mokha, pamene anansi apita kunyanja. Kubwereketsa zipinda zako kwa munthu wina ndi mlandu wautali. Antchito, okonza mapaipi ndi obweretsa chakudya ali ndi chikepe chawo chakumbuyo, kuti fungo la ntchito lisakumane ndi perefyumu. Mu Disembala aliyense amakonza maenvelopu a alonda a pakhomo, mtima uli phaphapha poganiza kuti mwina wa pamwamba waika zambiri, pakuti mlonda ameneyo amadziwa amene anabwera usiku ndi amene anatuluka mbandakucha. M'chikepe chakutsogolo anansi amapatsana moni wa mano okha, maso ali pa manambala. Ndipo tsiku lofuna kugulitsa, wogula wako ayeneranso kukagwada kwa komiti yomwe ija, imene mwina wapampando wake ndi mayi amene munakangana naye za galu zaka zisanu zapitazo.

Olemera atsopano ambiri atopa nazo. Akuthamangira nyumba zamtundu wina zotchedwa condo, kumene chipinda chimakhaladi chako ndipo ndalama zimalankhula zokha. Mu 2019 Ken Griffin analipira madola 238 miliyoni pa 220 Central Park South, popanda agogo omufunsa za makolo ake. Ku co-op ya 740 Park Avenue, kumene kunkakhala John D. Rockefeller Jr., nkhani yotere amaimva akugwedeza mutu mwachisoni: ndalama zonsezo, koma munthuyo alibe ngakhale mmodzi woti amukane.