Amalume, Galimotoyo Inalibe Injini

Midrand, Johannesburg

Okondedwa amalume,



Ndalemba kalatayi kuti mundithandize kuzimitsa moto umene chithunzi chija chayatsa. Ndamva kuti chazungulira Misesa yonse mpaka kutsikira ku Manje, ndipo amayi alengeza kale ku Mvano kuti mwana wawo akupita ku mpikisano wa galimoto wa Dakar. Ine sindinanene kanthu, ndinangotumiza chithunzi pa WhatsApp. Galimoto imene ndinakhalamoyo inalibe injini, amalume. Inalibenso matayala, inali pa majeki. Chipewa cha dalaivalacho ndinachibwereka nthawi ya nkhomaliro abwana atapita kukadya. Muwauze amayi pang'onopang'ono, makamaka atadya kale.

Ntchito yanga ndi yomwe ija munandiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango: kuyeza, kudula, kupala ndi galainda, kuwotcherera. Inu mumapanga mageti ndi mabagala oletsa wakuba kulowa m'nyumba. Ife timapanga chikhola cha mapaipi choletsa denga kulowa m'mutu mwa dalaivala galimoto ikagubuduzika. Eni ake amati roll cage. Mukaziona kunja galimotozi mungati ndi Hilux kapena Ranger zimene a mabungwe amayendera ku Blantyre, koma imeneyo ndi nkhope chabe. Chikopacho n'chopepuka, anyamata awiri amachivula n'kuchitsamiritsa kukhoma. Galimoto yeniyeni ndi mapaipi otsala m'katimo, ndipo mipando, thanki, injini ndi miyendo zonse zimagwira pamenepo.

Mapaipi ake si a madzi aja timagula ogwiritsidwa kale ntchito ku Ndirande. Ndi chitsulo chotchedwa chromoly, chopyapyala koma cholimba, ndiponso chosachedwa kukwiya. Ukachiwotcha mopitirira muyeso chimakhala chete tsiku limenelo, n'kudzang'aluka m'mbali mwa chowotchereracho galimoto ili pa liwiro pakati pa chipululu. N'chifukwa chake makina athu ndi a TIG, a mpweya wa argon. Dzanja lamanja ligwire tochi, lamanzere lizidyetsa waya, phazi lizipondereza moto kuti uchepe kapena uchuluke, mutu usagwedezeke. Amene amayimba ng'oma zitatu nthawi imodzi ku kwaya akhoza kuyamba mawa.

Musanawotche n'komwe, kumapeto kwa paipi mumakusema kuti kukumbatire paipi inzake popanda mpata ngakhale wolowa pepala, kenako mumapukuta mafuta onse. Luso lanu lija lotseka mpata ndi msomali wa sikisi inchi n'kupakapo penti wakuda, kuno ndi mlandu. Ndinawafotokozera abwana mmene limayendera, ndipo anakhala pansi kaye asanayankhe. Mpikisano usanayambe kumabwera akuluakulu oyendera galimoto iliyonse ndi tochi, kusuzumira mfundo imodziimodzi, ndipo penti samawanamiza.

Koma musadandaule, chinthu chimodzi munachidziwa kale inu iwo asanagule makompyuta awo. Chitsulo chopingasa chija mumaika pa geti kuti lisagwe mphuno ndiye chinsinsi chonse cha chikholachi. Mapaipi anayi olumikizana m'makona anayi amapindika mukawakankha, atatu olumikizana m'makona atatu amakana. Abwana anatenga ola lathunthu kundionetsa zimenezi pa kompyuta, ine n'kumagwedeza mutu mwaulemu poti ndiwo amalipira.

Tsopano miyendo, pamene pali ndalama zenizeni. Galimoto wamba ikagwa m'dzenje, tayala limakwera pang'ono n'kufika pothera, ndipo chotsalacho amalandira ndi msana wa wokwera. Izi ayi. Mikono yogwira tayala timaipanga yaitali kuti tayalalo lizikwera ndi kutsika mtunda wautali galimoto ili phee. Zopikisana ku Dakar m'gulu lalikulu, kuyambira 2022, malamulo amazilola mamilimita 350, pa matayala a mainchesi 37. Za ku Mexico, za mpikisano wa Baja 1000 umene unayamba mu 1967, zimapitirira theka la mita. Sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera, koma payokha ndi yopusa, ikangoyamba kudumpha siyidziwa kuleka. Woiletsa ndi shoko: m'kati mwake muli mafuta okakamizidwa kudutsa pa timabowo, ndipo ntchito yonse ya dzenjelo imasanduka kutentha. Mashokowa amatentha zedi moti simungawagwire, n'chifukwa chake tayala lililonse limakhala ndi mashoko awiri, iliyonse ndi kabotolo kake ka mafuta ndi mpweya wa nitrogen woletsa mafutawo kuchita thovu. Pali munthu pagalaja pano amene ntchito yake ndi timabowo timeneto basi, kukulitsa aka, kuchepetsa ako, ndipo amayendera galimoto yabwino kuposa ya a khansala.

Apa ndiye pamene mutu wanga umaima, amalume. Anthuwa ali ndi msewu wa N1, wa tala wosalala, mizere inayi mbali imodzi. Akatha kumanga galimoto ya ndalama zoti n'kumangira nyumba mzere wonse kwathuko, amaikweza pa ngolo n'kuikoka maola ambirimbiri pa tala ameneyo, kukafunafuna msewu woipa. Akaupeza amalipira kuti aloledwe kuyendapo. Akamaliza amajambulitsa, matope ali m'mano, akusekerera. Ndinawauza abwana kuti kwathu kuseri kwa phiri la Soche msewu woterewu timaulandira ulere Januwale aliyense, umachita kubwera wokha mpaka pakhomo, ndipo mnyamata wa kabaza amaudutsa atanyamula mayi, mwana ndi thumba la makala, dzanja limodzi likuyankha foni. Anafunsa ngati mnyamatayo ali ndi womuthandiza ndalama. Ndinati ali ndi ngongole ya njingayo.

Musaganize kuti ndi masewera a ana. Kufupi ndi kuno, dera la Kyalami, ndi kumene gulu la a Glyn Hall linamanga ma Hilux amene Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar anapambanira Dakar mu 2019, 2022 ndi 2023. Giniel de Villiers, mwana wa konkuno, anapambana mu 2009 pa Volkswagen, ndipo mpaka lero dzina lake likatchulidwa pagalaja anthu amatsitsa wailesi. Ma Ranger ampikisano amamangidwa ku Pietermaritzburg, kwa a Neil Woolridge. Ife ndi galaja laling'ono, timamangira anthu a mapulazi ndi a mabizinesi amene akazi awo anatopa kuwaletsa. Ndipo amayi muwauzenso kuti ngakhale ndikanapita ku Dakar, ku Dakar sindikanafikako. Mpikisanowu unachoka mu Africa, mu 2009 unasamukira ku South America, ndipo kuyambira 2020 ukuchitikira ku Saudi Arabia, dzina lokha osasintha. Zili ngati minibasi yolembedwa Limbe pagalasi koma ikuthamangira ku Lunzu, kondakitala akulumbira kuti mwakwera yolondola.

Kumene ndinafikako ine ndi ku Jwaneng, ku Botswana, tauni ya migodi ya dayamondi, kumene kunachitikira mpikisano wa makilomita 1000 m'chipululu cha Kalahari mwezi wa Juni. Ndinapita monga wonyamula masipanala. Ndinkaganiza kuti chipululu ndi kotentha, ndiye ndinatenga juzi imodzi. Amalume, chiperoni ndi mwana. M'mawa madzi a m'chigubu anali atauma gwaa, ndipo ndinagona nditakumbatira jenereta. Galimoto yathu inagubuduzika tsiku lachiwiri, kawiri kathunthu, n'kuima chagada. Dalaivala ndi womuwerengera njira anatuluka chokwawa, akukangana za amene anaphonya ngodya, opanda bala ngakhale limodzi. Chikopa chonse chinatsala m'tchire, koma mfundo zanga zonse zinagwira. Dalaivala anandigulira nyama yowotcha ndi chakumwa, n'kunditchula dzina la Mzimbabwe amene anachoka chaka chatha. Ndinavomera, nyama inali yambiri.

Za pempho la achimwene loti ndiwatumizire mashoko otere a Sienta yawo, muwauze kuti ndamva. Mtengo wa shoko imodzi sindiulemba muno kuopa kuti kalatayi ingawerengedwe ndi munthu wa BP. Komanso Sienta ikakwera msinkhu umenewo, agogo azikwera ndi makwerero, ndipo apolisi a pamsewu adzaiona ali ku Chichiri iyo ili ku Limbe. Achepetse anthu m'galimotomo, anthu khumi ndi awiri si katundu wa shoko iliyonse yopangidwa ndi munthu.

Ndatumiza katoni ndi transipota amene afike pa Wenela Loweruka likubwerali. Muli mabulangete awiri a amayi, nsapato za sukulu za ana, mafuta ophikira, ndi chipewa chowotcherera chanu. Galasi lake limada lokha moto ukangoyaka n'kuyeranso ukazima, si ufiti, musapite nacho kwa abusa. Magalasi a dzuwa aja mutaye, ndipo mbatata ya kachewere izipita mumphika m'malo mogona pa maso panu usiku. Chonde chipewachi musabwereke anyamata a kabaza, amene wavala sangaone galimoto yobwera ndi nyali zoyaka. Transipotayo ndamulipira zonse kuno, akakuuzani za msonkho wa pa Mwanza mumuonetse risiti ili m'thumba la bulangete lofiira.

Moni kwa onse, ndi kwa a Mvano amene akundipempherera kuti ndipambane. Asaleke, angosintha mutu wa pempherolo ukhale wa pemiti.

Ine muphwa wanu,
wa ku Joni