Ndalama zimene dzino limodzi ladya

Buku la ndalama za pakhomo, tsamba la dzino. Dzinoli ndi la mwana wathu wamkazi wa zaka 14, lotafunira, la m'munsi mbali ya kumanzere, lachisanu ndi chimodzi mukayambira pakati kuwerenga. Timakhala ku Mponela. Ndalemba zimene zinathandiza ndi zimene sizinathandize, chifukwa zonse zinatuluka m'thumba limodzi.

Panado wa pagolosale: K3,000.
Poyamba dzino linkangomulasa akamwa madzi a mumtsuko, kenako n'kusiya. Patapita milungu linayamba kuwawa akamwa tiyi, ndipo ululu sunkachoka ngakhale kapu itatha. Kenako linayamba kumudzutsa usiku popanda chimene wadya kapena kumwa.

Brufen: K2,500. Cloves wa kumsika: K1,000. Madzi a mchere: ulere.
Cloves ali ndi mafuta otchedwa eugenol, amene madokotala a mano nawonso amagwiritsa ntchito, ndipo amaziziritsa ululu kwa kanthawi. Bowo silitsekeka nawo. Anansi anatiuza kuti tisinje Aspirin n'kumuthira pa dzino. Ameneyu sitinagule, chifukwa amawotcha nkhama n'kusiya chilonda pomwe panalibe.

Mlungu umene dzino linasiya lokha kuwawa: ulere.
Ndaulemba ngakhale sunadye ndalama, popeza a dokotala anatiuza pambuyo pake kuti ndi nthawi imene dzino linafa. M'kati mwa dzino, kunsi kwa chikamba chake cholimba, muli kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Tizilombo tikaboola n'kufika pamenepo, kamnofuko kamatupa, koma kalibe kofutukukira chifukwa kazunguliridwa ndi khoma lolimba. Ululu wa usiku uja umachokera pamenepo. Kamnofuko kakafa ululu umaleka, tizilombo n'kutsika ndi mizu mpaka ku fupa la nsagwada, kumene timapanga mafinya.

Amoxicillin wa pafamase: K6,000.
Tsaya linatupa, makapisozi analiphwetsa, ndipo patapita milungu ingapo linatupanso. Mankhwala akumwa amayenda ndi magazi, koma m'dzino lakufa simufikanso magazi. Amagwira ntchito m'tsaya, pomwe gwero la mafinya lili m'kati mwa mizu osakhudzidwa.

Kabaza kupita ndi kubwera ku chipatala cha boma: K2,000. Kuonana ndi wa mano: ulere.
Amene anatilandira ndi dental therapist, mmodzi mwa aja amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, amene anyamula ntchito yambiri ya mano m'zipatala za m'maboma. Anamuona mwanayo mosamala, anagogoda dzino ndi kachitsulo, mwana n'kudzidzimuka. Anati jakisoni ali naye, chozulira ali nacho, ndipo tikafuna azula tsiku lomwelo osalipira kanthu. Kenako anafunsa zaka za mwana. Atamva anati, "Mayi, dzino ili silimeranso. Ngati pakhomo pangapezeke kangachepe, kayeseni ku Lilongwe, akalipulumutse. Kuno zipangizo zake ndilibe." Anatichenjezanso kuti kutupa kukatsikira kunsi kwa lilime kapena m'khosi, mwana akayamba kuvutika kumeza, kupuma kapena kutsegula kukamwa, tibwere ngakhale pakati pa usiku, chifukwa mafinya a mano a m'munsi amatha kutseka njira ya mpweya n'kupha munthu.

Dzino limeneli limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Limatulukira kumbuyo kwa mano a ubwana popanda dzino lina kuguluka, choncho makolo ambiri amaliyesa la ubwana n'kumadikira kuti ligwa lokha. Mwa mano osaguluka, ndi limodzi mwa oyamba kukumana ndi shuga wa m'tiyi, maswiti, mabisiketi ndi Sobo, pa msinkhu umene mwana sanadziwe kufikitsa mswachi kumbuyo. N'chifukwa chake limawola msanga kuposa anzake.

Mayunitsi oimbira achimwene ku Johannesburg: K1,000.
Nkhani ya mwana sitha popanda malume ake. Amayi anga anali atanena kale maganizo awo pamphasa: "Mwana wanga, dzino likavuta amazula. Ife tonse tinazula, ndipo tilipo." Sananame, alipodi. Koma chimanga chowotcha anasiya kalekale, nzimbe timachita kuwadulira timapisi toti angoyamwa, ndipo nyama ikaphikidwa amatenga msuzi. Achimwene anamvetsera n'kunena kuti, "Achemwali, mwanayo ngwamng'ono, musazule. Ndituma pa Mukuru." Bambo ake a mwanayu anangoti mbuzi ziwiri zipite kumsika, zotsalazo ziswana.

Ine ndinali mbali yosazula. Dzino la m'tsaya likachoka pa msinkhu uwu, lapafupi limayamba kupendekera m'mpatamo, lakumwamba limatsika pang'onopang'ono chifukwa lasowa lolumana nalo, ndipo zakudya zimakanirira m'mipata yatsopanoyo. Kuzula ndi kwaulere tsiku lozulalo. Zina zimabwera pambuyo, ndipo mano oikirira ali ndi mtengo wake.

Minibasi ya anthu awiri, Mponela mpaka Lilongwe ndi kubwerera: K28,000.
Kuonana ndi dokotala wa mano, chipatala cholipira: K20,000.
X-ray yoyamba: K15,000.
Pa chithunzi panaoneka mizu iwiri, ndipo kunsonga kwa muzu umodzi kunali kachidima kozungulira. A dokotala anati pamenepo fupa lasungunuka ndi mafinya. Anayang'ananso ngati dzino lang'aluka mpaka ku muzu, ndi ngati khoma lotsala lingakwanire kumangapo. Likanakhala long'aluka akanatiuza kuti tizule, ndipo ndalama zathu zikanathera pa mzere uno. Silinang'aluke.

Root canal, ntchito yoyeretsa ndi kutseka mizu ya dzino, theka loyamba: K160,000.
Anayamba tsiku lomwelo kuti tisalipire minibasi kawiri. Jakisoni wa dzanzi anamubaya kumbuyo kwa nsagwada, ndipo theka la mlomo ndi lilime zinachita dzanzi. Anamuyala kansalu ka labala m'kamwa, dzino lokhalo n'kutulukira pa kabowo, kuti malovu asalowe m'dzino komanso mankhwala ndi tizitsulo zisagwere kukhosi. Ine anandilola kukhala pakona.

Anaboola pamwamba n'kuyamba kufufuza timipata tolowera m'mizu. Dzino la kutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi kamodzi. Ili limakhala ndi titatu kapena tinayi, topyapyala ngati ulusi wosokera, tina topindika. La mwana wathu linali ndi tinayi, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa dzino la m'tsaya umaposa wa dzino la kutsogolo. Kampata kalikonse anakayeza kutalika ndi kamakina kolira, kuti asapyoze nsonga ya muzu komanso asasiye zowola kumapeto. Ankapala ndi tizitsulo tating'ono, kuyambira towonda kupita tonenepako, akutsuka pafupipafupi ndi sodium hypochlorite. Mankhwala amenewa ndi omwe ali mu WaterGuard ndi mu Jik, koma iwo amawayeza mphamvu yake ndipo amawagwiritsa ntchito dzino litatchingidwa ndi labala ija. Pakhomo munthu asayerekeze kuthira zimenezi m'dzino. Atamaliza anasiyamo phala loyera la calcium hydroxide loti lipitirize kupha tizilombo, n'kumata pamwamba mongoyembekezera.

Ntchitoyi inapitirira ola limodzi. Mwana sanalire. Anati chotopetsa chinali kuyasamula nthawi yonseyo.

Ndinafunsa chifukwa chake mtengo uli chonchi. Anandionetsa kabati. Tizitsulo topalira, mankhwala a dzanzi, labala, zomatira, magolovesi, zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse m'kabatimo chinakwera. Tizitsulo tina akagwiritsa ntchito pang'ono amataya, chifukwa tikatopa timathyokera m'muzu. Sindinaone pomwe akutibera. Ndinaona kuti banja lopanda mbuzi komanso lopanda m'bale ku Joni likanabwerera kukazula.

Brufen wina: K3,000.
Dzino linkamveka akaluma kwa masiku owerengeka. Anatiuziratu kuti zimatero, chifukwa minofu yozungulira muzu yagwedezeka.

Nsinjiro, nthochi ndi mazira, mlungu wa phala: K5,000.
Anamuletsa kutafunira mbali imeneyo mpaka ntchito itatha, popeza chomata choyembekezera chimatha kuswekera m'kati, malovu n'kulowanso. Tsaya linaphwa osamwanso makapisozi. Anayamba kugona mpaka kucha.

Minibasi ulendo womaliza: K28,000.
Root canal, theka lachiwiri: K160,000.
X-ray yotsimikizira: K15,000.
Patapita milungu iwiri anatsegulanso, anatsuka, anaumitsa ndi timapepala tosongoka, n'kudzaza timipata tonse tinayi ndi gutta-percha. Umenewu ndi utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, ndipo madokotala akhala akuugwiritsa ntchito m'mizu ya mano kwa zaka zoposa 100. Cholinga chake n'kutseka malo onse kuti tizilombo tisapeze pokhala. Pa chithunzi panaoneka mizere yoyera yofika kunsonga kwa mizu. Kachidima kaja kanalipobe. Anati fupa limadzaza lokha pang'onopang'ono, m'miyezi yambiri.

Kumata kokhalitsa pamwamba: K45,000.
Mzere uwu sindinauyembekezere, ndinkayesa uli m'kati mwa mtengo uja. Amene mukupita funsani mudakali pakhomo la chipatala kuti mtengo umene akutchulawo ukuthera pati. Kumataku sikungadumphidwe, chifukwa ntchito yonse ya m'mizu imawonongeka ngati pamwamba pakudontha. Anamata mophimba nsonga zotafunira kuti dzino lisang'aluke pakati, popeza dzino loboola chotere limakhala ndi makoma owonda.

Masiku amene sindinayale kaunjika pamsika: K40,000, mongoyerekeza phindu.
Masiku amene mwana anajomba kusukulu: sindinaike mtengo. Ali Fomu 1. Zolemba anakopera kwa anzake, koma masamu a masiku amenewo akuvutika nawo mpaka pano.

Miswachi ya ana onse ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride: K9,500.
A dokotala anati azitsuka kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndipo akatsuka azilavula osachukucha ndi madzi, kuti fluoride atsale pa mano. Anatinso chimene chimawononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse. Shuga wa m'tiyi tachepetsa nyumba yonse, ndipo kuchepa kwake kukuoneka pa tsamba la golosale.

Chiwongoladzanja cha banki m'khonde: K30,000.

Zonse pamodzi: K574,000. Mwa zimenezi, zotuluka m'manja pa nthawi ya matenda ndi K504,000.

Kumene zinachokera. Achimwene: K100,000. Mbuzi ziwiri: K170,000. Ngongole ya banki m'khonde: K150,000. Malipiro a bambo ake ndi mpamba wa geni yanga: K84,000. Kwa akatapila sitinapite. Mbuzi zimenezi tinkasungira feteleza, choncho munda wa kudambo tilima theka.

Ndawerengera kangapo ngati dzino limodzi linayenera ndalama zonsezi, ndipo yankho langa silinasinthe. Mwanayu ali ndi zaka zambiri zotafuna kutsogolo kwake. Madokotala salonjeza kuti dzino lotere likhala mpaka kalekale, ena amabwerera kukalitsegulanso, koma ambiri amakhala nalo zaka zambiri ngati latsekedwa bwino. Chimene chimandipweteka ndi mzere wa ku chipatala cha boma uja. Pabenchi tinakhala ndi atsikana ndi anyamata a msinkhu wa mwana wanga, atagwira matsaya, ndipo ambiri anatuluka ataluma thonje. Wa mano uja ankadziwa mano oyenera kupulumutsidwa, koma m'manja mwake munali chozulira chokha.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, ku College of Medicine ya ku Blantyre, imene tsopano ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Kale onse ankaphunzira kunja. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Ndikufuna achinyamata amene akuphunzira kumeneko akamaliza adzapeze X-ray, zomatira ndi tizitsulo ta m'mizu m'zipatala za ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Kasungu. Ndikufunanso kuti ana aziunikidwa mano kusukulu, bowo lidakali laling'ono loti kumata kokha kukwanira. Zikanakhala choncho, tsamba lino likanakhala ndi mizere iwiri kapena itatu.

Zimene zatsala.
Ngongole ya banki m'khonde ndi chiwongoladzanja chake inali K180,000. Tabweza K60,000, kwatsala K120,000, yoti ithe tisanagawane kumapeto kwa chaka.
X-ray yoona ngati fupa ladzaza, pakatha chaka, pamodzi ndi minibasi: tasunga malo a K43,000, koma mitengo idzakhala itasintha.
Crown, chovundikira dzino lonse: anatchula K250,000 pa mtengo wa nthawi imeneyo. Anati tidikire mwana afike zaka pafupifupi 18, nkhama ndi nsagwada zikhazikike. Ndayamba kupatula K5,000 mwezi uliwonse pa Mpamba.
Mng'ono wake ali ndi zaka 7. Mano ake anayi a mtundu womwewu amera onse, ndipo limodzi lili ndi kadontho kakuda pakati. Kabaza wopita naye ku chipatala Lolemba: K2,000.