Mmene mungalepheretsere manyowa a pakhomo mu Lusaka

Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba kuyoyola masamba m'mayadi a ku Woodlands, musazengereze. Uzani mnyamata wantchito asese, aunjike, abutse moto. Utsiwo ndi mphatso kwa aneba, makamaka amene ayanika zovala. Ena adzakuuzani kuti masamba akapsa nayitrojeni amapita ndi utsi, ndipo mulu umene ukadasanduka dothi lakuda losunga chinyezi umatsala kaphulusa kodzaza m'manja. Musawamvere. Lizani galimoto mukagule thumba la feteleza wa D Compound, ndalama zizungulire m'dziko.

Ngati mtima wakakamirabe kompositi ndipo mumakhala ku Kabulonga, musayambe mgolo wapulasitiki wochokera ku Johannesburg usanafike. Tizilombo towoletsa zinyalala ta kumeneko n'tolemekezeka, sitigwira ntchito pa mulu wamba. Zoti ku Kasisi, cha ku Chongwe, ansembe a chiJesuit akhala akuphunzitsa alimi kwa zaka zambiri kuwumba manyowa ndi udzu, ndowe ndi madzi basi, zimenezo n'za kumudzi.

A ku Kabwata, inu nenani kuti malo mulibe. Chidebe cha malita 20 chobooledwa m'mbali chimalandira makoko a nthochi ndi zotsala za repu, koma nanga alendo adzati chiyani?

Amene muli ndi bwalo, kumbani dzenje lakuya pamalo otsika, makamaka mu Januwale, kuti madzi a mvula adikhemo. Ponyanimo zonse: mkute wa nsima, mafupa a nkhuku, mafuta okazingira nsomba, mapulasitiki a ku Soweto Market, ngakhale matewera a mwana, ngati kuti kolera ya 2024 imene inadzaza odwala mu National Heroes Stadium munangoimva pa wailesi. Osatembenuza ayi. Mulu ukasowa mpweya ndi pamene umanunkha bwino, ndipo makoswe ndi agalu a m'dera lonse adzadziwa nambala ya nyumba yanu. Zikatero muzilengeza mu minibasi kuti manyowa ndi uve.

Chenjerani ndi njira ya anthu ofatsa aja. Amayala zouma magawo awiri kapena atatu, zaziwisi gawo limodzi, n'kuwaza madzi oti ukafinya m'manja angodontha kamodzi. Pakatha masabata awiri alionse amatembenuza. Pakati pa mulu pamatentha mpaka madigiri 60, mbewu za udzu n'kufa, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu amafukula zakuda zonunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba. Kodi munthu wotere madzulo amadandaula za chiyani ndi anzake?

Oweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Chelstone, zitosi zanu musaziwoletse. Zitengeni m'khola zikadali zonyowa, muzithire patsinde pa tomato. Mizu ikapsa, masamba n'kufota, funsani kuti ndani analowa m'dimba usiku. Mayi wa nyumba yachitatu uja sanakupatseni moni Lachiwiri. Phulusa la pa mbaula nalonso musamawaze pang'ono, khuthulani lonse pa zitosizo kuti nayitrojeni wotsalayo athawe mwamsanga.

Zonsezi zikakutopetsani, lipirani galimoto ya zinyalala mwezi ndi mwezi ikatule chakudya cha dimba lanu kudzala la ku Chunga. Chibwabwa muzikagula pamsika, amayi ogulitsa aja nawonso ali ndi ana a sukulu.